Gowelo la M'denga

Pa ziwalo zonse za nyumba palibe china chimene chimasautsa womanga koposa denga. Khoma likapotoka pang'ono eni ake amazolowera, ndipo chitseko chikamalira amachidzoza mafuta. Koma denga likadontha palibe wogona tulo, pakuti mvula sisankha usiku wobwera. Nchifukwa chake makolo, pofuna kutchula ntchito yokanika munthu mmodzi, sanatchule khoma kapena chitseko, koma anati mutu umodzi susenza denga. Tsono ngati kumanga denga latsopano kuli kovuta chotero, kuboola denga lakale limene lateteza anthu zaka zoposa 100, ndi kulumikizapo lina, ndiyo ntchito yofuna nzeru ndi kudekha kopambana. Ntchito yotereyi imachitika kawirikawiri m'dziko la England, ndipo nkhani ino ndi ya banja lina lochokera ku Malawi limene linaiona ndi maso ndi kuilipira ndi thukuta lake.

Bambo wa banjali anabadwira m'boma la Dedza, ndipo mkazi wake ndi namwino, mmodzi wa anamwino ambiri aja amene anachoka ku Malawi m'zaka zoyambirira za m'ma 2000 kukagwira ntchito m'zipatala za ku Britain. Anakhazikika mumzinda wa Manchester, ndipo atakhala zaka zambiri m'nyumba za lendi anadzagula yawoyawo ndi ngongole ya kubanki. Nyumbayo inali imodzi ya nyumba zija za njerwa zofiira zimene zinamangidwa m'zaka za m'ma 1800 kuti muzikhala antchito a m'mafakitale a thonje. Nyumba zimenezi zimandandalikana mumsewu wonse zogundana ngati mano m'kamwa. Khoma limodzi ndi la mabanja awiri, ndipo zambiri zili ndi zipinda ziwiri pansi ndi ziwiri pamwamba. Kumaso kuli msewu, kumbuyo kuli kabwalo kongokwanira kuyanikapo zovala. Madenga ake ndi a miyala yopyapyala yotchedwa sileti, yokumbidwa kumpoto kwa Wales m'migodi yonga wa Penrhyn pafupi ndi Bethesda, ndi wa Dinorwig umene unatsekedwa mu 1969. Mwala wake ndi womwewo umene ankasemera masileti amene ana a sukulu akale ankalembapo.

Polowa m'nyumbamo ana awo awiri, mtsikana ndi mlongo wake, anali aang'ono, ndipo ankagona chipinda chimodzi popanda wodandaula. Koma mwana sakhala mwana masiku onse. Mtsikanayo atayandikira kutha msinkhu, mayi wake anayamba kusowa mtendere, pakuti mwambo wa makolo sulola kuti mnyamata ndi mlongo wake, atasinkhuka, azigona malo amodzi. Kumudzi nkhani yotere sichedwa: abambo amadula mitengo, amayi amamweta udzu, ndipo isanathe milungu iwiri gowelo laima pambali pa nyumba. Ngakhale lamulo la Angerezi limavomerezana ndi mwambowu, pakuti lamulo lawo la nyumba la 1985 limati nyumba ndi yothithikana ngati mnyamata ndi mtsikana amene akwanitsa zaka 10 akakamizika kugona chipinda chimodzi. Koma ku Manchester kunalibe malo oimikapo gowelo, ndiponso ndalama zogulira nyumba yaikulu panalibe. Malo amene anatsala anali amodzi okha, ndiwo amdima aja a pakati pa siling'i ndi denga, kumene kunkakhala masutikesi akale ndi fumbi.

Bamboyo anakwera kumeneko ndi nyali ndi tepi yoyezera. Amisiri a dzikolo amati kuchokera pansi kufikira pamsonga pa denga payenera kukhala mamita 2.2 kapena kuposerapo, pakuti pansi patsopano ndi zotchinga kuzizira zimadya mbali ina ya msinkhuwo. Anapeza kuti pakati munthu angathe kuimirira bwino, koma akangosuntha mapazi awiri kumbali mutu umagunda phaso. Mwayi wake unali wakuti nyumbayo inali yakale. Madenga akale ankawakhoma akalipentala pamalo pomwepo, mapaso atatsamira pa mitanda ikuluikulu, ndipo pakati pamatsala danga. Koma kuyambira m'zaka za m'ma 1960 nyumba zambiri zinayamba kumangidwa ndi madenga opangiratu kufakitale, a matabwa ang'onoang'ono opingasana ngati ukonde; kudula limodzi la matabwa amenewo ndiko kufooketsa denga lonse, ndipo kukonza chipinda m'denga lotero kumafuna zitsulo zambiri ndi ndalama zambiri.

Njira zodziwika zopezera chipinda m'denga zilipo zitatu. Yotsika mtengo ndiyo kusiya denga momwe liliri ndi kungoikamo mazenera opendekeka pamodzi ndi dengalo, onga a Velux, kampani imene Villum Kann Rasmussen anayambitsa ku Denmark mu 1941. Njira imeneyi imalowetsa kuwala, koma siwonjezera malo oimirira. Yokwera mtengo koposa ndiyo kugwetsa mbali yonse ya denga ndi kuimanganso yoimirira pafupifupi ngati khoma. Denga lotere limatchedwa mansard, potsata dzina la François Mansart, mmisiri wa ku France amene anamwalira mu 1666. Yapakati ndiyo kuboola denga ndi kutulutsirapo kanyumba konga bokosi, kokhala ndi timakoma take titatu, zenera loimirira ndi kadenga kake. Kanyumba aka Angerezi amakatcha dormer, mawu ochokera ku Chifalansa onena za chipinda chogona. Banja lija linasankha njira yapakatiyi.

Ku England munthu sangodzuka ndi kuyamba kusasula denga. Kupatula m'madera ena otetezedwa, lamulo limalola mwini nyumba yogundana ndi zinzake kukuza denga lake ndi makyubiki mita 40 osapempha chilolezo cha mapulani, ndipo mwini nyumba yoima payokha kapena yogundana mbali imodzi yokha amaloledwa 50. Koma chowonjezeracho chisapitirire msonga wa denga lakale, chisatulukire kumaso koyang'ana msewu, ndipo chiyambire masentimita 20 kuchokera m'mphepete mwa denga. Popeza mitanda yachitsulo yonyamula chipindacho imalowa m'khoma la mabanja awiri, lamulo la 1996 limafuna kuti anansi adziwitsidwe ndi kalata miyezi iwiri ntchito isanayambe. Ngakhale mileme ili ndi lamulo loiteteza, la 1981, kotero kuti ikapezeka m'dengamo ntchito imaima kufikira akatswiri ataona. Munthu wozolowera ufulu wa kumudzi angayese zonsezi zotopetsa. Koma kumene nyumba zigundana, moto wa mmodzi ndi moto wa onse, ndipo kudontha kwa mmodzi kumanyowetsa khoma la mnzake.

Amisiri awiri anabwera kudzaona ntchitoyo. Woyamba anali wachangu ndi wokoma pakamwa. Anati adzatsiriza m'milungu inayi, ndipo atafunsidwa za malo olumikizirana denga latsopano ndi lakale anati adzamatapo ndi phala la m'chubu limene limagulitsidwa ponseponse. Wachiwiri anali wachikulire wosalankhulalankhula. Anakhala nthawi yaitali m'dengamo akugogoda matabwa, anatuluka kukayang'ana kumene mphepo imachokera, ndipo mtengo umene anatchula unaposa wa mnzake ndi ndalama zokwanira ulendo wa pandege wa banja lonse wopita ku Malawi. Tsono ulendowo unali utakonzedwa kale, pakuti mayi wa bamboyo, wokalamba ku Dedza, anali asanaone adzukulu ake kwa zaka zisanu ndi chimodzi.

"Bambo," anatero mkaziyo usiku umenewo, "chipinda ndi chipinda. Titenge wotchipayo, kuti ana akaonenso agogo awo."

"Mayi," anayankha mwamunayo, "mwanena zoona, ndipo mtima wanga uli komweko. Koma ine ndinafolerapo nyumba ndi amalume, ndipo iwo ankati, 'Mphwanga, madzi satsekerezedwa, amalozeredwa njira.' Munthu uja afuna kutsekereza madzi ndi phala. Dzuwa likadzaliumitsa, chisanu nichiling'amba, iye adzakhala atapita kale ndi ndalama zathu."

Popeza nkhaniyo inakhudza wachitatu, anaimbira foni kumudzi ndi kufotokoza zonse. Mayi wokalambayo anakhala chete pang'ono, kenaka anati, "Mwananga, yambani mwafolera adzukulu angawo. Ine ndidikira, koma mvula sidikira." Motero anatenga mmisiri wachikulire uja, ndipo ulendo unalepheretsedwa.

Kuti owerenga amvetse kukula kwa nkhaniyi ayenera kudziwa khalidwe la mvula ya kumeneko. Mvula imene imagwa ku Manchester pachaka sisiyana kwambiri ndi ya ku Lilongwe, pakuti konseku imapitirira mamilimita 800. Koma ya ku Lilongwe imagwa yamphamvu kuyambira Novembala kufikira Epulo, ndipo pambuyo pake denga limapuma ndi kuuma miyezi yambiri. Ya ku Manchester ilibe nyengo. Imawaza mwezi uliwonse, ndipo kawirikawiri imadza ndi mphepo yochokera kunyanja ya Atlantic, imene imakankha madzi chopingasa, nthawi zina ngakhale chokweza. Ndiponso m'nyengo yachisanu madzi amene alowa mumng'alu amaundana ndi kufutukuka, nakuza mng'aluwo. Kabowo kamene ku Malawi kangadonthe masiku owerengeka, kumeneko kamanyowetsa thabwa chaka chonse kufikira litaola.

Ntchito inayamba ndi kuimika nsanja zachitsulo kuzungulira nyumba. Pamwamba pa nsanjazo mmisiriyo anayala denga longoyembekezera la malata, lophimba nyumba yonse, kuti pamene denga lenileni lili chotsegula mvula isagwere pa siling'i ya zipinda zimene banjalo linali kugonamo. Bamboyo anaseka poona malata, amene kwawo ndi chizindikiro cha kupeza bwino, atasanduka chofunda cha milungu yochepa. Kenaka analowetsa mitanda yachitsulo kuchokera khoma lina kufikira lina, naikapo matabwa atsopano okhuthala, pakuti matabwa akale anaikidwa kuti azinyamula siling'i yokha, osati anthu ndi mabedi. Zitatha izi ndi pamene anadula mapaso a kumbuyo ndi kuimika mafupa a kanyumba kaja.

Apa ndipo bamboyo anaona kuti nzeru ya mmisiri wa ku England ndi ya amalume ake a ku Dedza ndi imodzi. Wofolera ndi udzu amayambira m'munsi, ndipo mzere uliwonse wa udzu umaphimba mutu wa mzere wa pansi pake, kuti dontho lochoka pa udzu wina ligwere pamsana pa unzake kufikira litafika pakhonde. Momwemonso mmisiriyo anayamba kuyala nsalu yokana madzi koma yolola mpweya kudutsa, kuyambira m'munsi, yapamwamba ikuphimba yapansi. Pa nsaluyo anakhoma mbaliro zamatabwa, ndipo pa mbalirozo anapachika masileti, ngakhale pa timakoma ta m'mbali. Anakhoma ndi misomali yamkuwa, pakuti matenda a madenga akale a sileti sakhala m'mwala koma mumsomali: mwala umakhala zaka 100 uli bwino, koma msomali wachitsulo umadyeka ndi dzimbiri, ndipo sileti imatsetsereka. Kadenga ka pamwamba, ngakhale kamaoneka kathyathyathya, anakapendeketsa ndi sentimita imodzi pa masentimita 40 aliwonse, kuti ngakhale matabwa atadzawerama pang'ono madzi asadzaime. Ndipo anakaphimba ndi chinsalu chimodzi cha labala chopanda msoko.

Koma pamene mmisiriyo anataya masiku ambiri ndi polumikizira, pakuti denga sililowa madzi pakati, koma pamene zinthu ziwiri zikumana. Kuboola denga ndi kuimikapo kanyumba ndiko kupanga malo otere anayi pamene kale panalibe ngakhale amodzi: kumbuyo, m'mbali ziwiri, ndi kunsi kwa zenera. Pamalo onsewa anagwiritsa ntchito mtovu, chitsulo chofewa chimene chimapindika ndi dzanja ndipo sichichita dzimbiri. M'mbali, pamene kakhoma koimirira kakumana ndi denga lopendekeka, anadula tizidutswa ta mtovu ndi kutipinda ngati buku lotsegula, theka likugona pansi pa sileti, theka likukwera khoma; kachidutswa kamodzi pa sileti iliyonse, kapamwamba kakuphimba kapansi, kotero kuti madzi olowa pampata amatulutsidwa pamsana pa sileti yotsatira. Kumbuyo anakweza chophimba cha kadenga katsopano kulowa pansi pa masileti akale kufikira chitakwera masentimita 15. Kunsi kwa zenera anayala mtovu ngati thewera, wogwera pamwamba pa masileti a m'munsi. Sanaike chidutswa chotalika kuposa mamita 1.5, ndiponso sanakhome msomali m'mphepete mwake mwa m'munsi, pakuti mtovu umafutukuka kukatentha ndi kukhwinyata kukazizira, ndipo ukamangidwa mbali zonse umang'ambika wokha. Ntchito yonseyi ilibe kukongola koonekera kumsewu. Koma madzi saiwala khwawa, ndipo mmisiri wanzeru ndi amene amawakumbira khwawalo asanadzikumbire okha.

Palinso madzi ena oopsa koposa mvula, chifukwa sachokera kumwamba koma m'nyumba momwemo. Aliyense amene anagonapo m'nyumba ya malata yopanda siling'i ku Dedza m'mwezi wa Juni amadziwa kuti m'mawa madontho amagwa kuchokera ku malata kunja kuli kouma. Madontho amenewo ndi mpweya wofunda wa anthu ogona, umene wakumana ndi chitsulo chozizira nusanduka madzi monga mame. Ku England, kumene mazenera amakhala otseka miyezi yambiri, ndipo zovala zimayanikidwa m'nyumba, nthunzi ya m'mapoto, ya m'bafa ndi ya m'mapapo a anthu imakwera yonse kudenga. Ikapeza njira yolowera kuseri kwa siling'i imasanduka madzi pa matabwa ozizira, kumene palibe diso loona, ndipo eni nyumba amadzadziwa thabwa litaola kale. Motero mmisiriyo anaika zotchinga kuzizira pakati pa mapaso ndi kunsi kwake. Kumbali ya m'chipinda anayala pepala lokana nthunzi, namata misoko yake yonse. Ndipo pakati pa zotchingazo ndi denga anasiya mpata wa masentimita 5, kuti mphepo yolowera m'mphepete mwa denga izitulukira pamsonga ndi kutenga chinyontho chilichonse chimene chapulumuka. Pa kadenga kathyathyathya anaika zotchingazo pamwamba pa matabwa, kuti matabwawo azikhala ofunda nthawi zonse. Mkazi wa bamboyo, pokhala namwino, ndi amene anamvetsa mbali imeneyi koposa onse, pakuti chinyontho chimabala nguwi, ndipo nguwi imadwalitsa mapapo. Mu Disembala 2020 mwana wa zaka ziwiri anamwalira ku Rochdale, pafupi ndi Manchester pomwepo, ndipo mu 2022 wofufuza za imfa anagamula kuti chinamupha ndi nguwi ya m'nyumba imene anaipuma nthawi yaitali.

Potsiriza panali za moto. Nyumba imene inali ya nsanjika ziwiri tsopano inali ya zitatu, ndipo wogona pamwamba sangalumphe pazenera. Chotero malamulo a zomangamanga amafuna makwerero enieni osati ongotsamiritsa, zitseko zochedwetsa moto pa zipinda zotsegukira kumakwereroko, pansi potha kupirira moto mphindi 30, ndi mabelu omva utsi pansanjika iliyonse, olumikizana kuti limodzi likalira onse alire. Woyendera ntchito za zomanga anabwera kangapo, ndipo pomaliza anapereka chikalata chimene chidzafunika tsiku limene nyumbayo idzagulitsidwe.

Ntchito inatha patapita milungu khumi, ndipo ndalama zinatha pamodzi nayo. Mtsikanayo analowa m'chipinda chake makoma alibe penti, pansi palibe choyala, pazenera atapachika chitenje cha mayi wake. Koma anali ndi chitseko chake chotseka, ndipo mlongo wake anatsala ndi chipinda chake pansi. Nyengo yachisanu inadza ndi mvula yake ya mphepo, usiku ndi usana, ndipo bamboyo ankakwera m'mawa uliwonse kukapapasa m'ngodya za siling'i ndi dzanja. Anachita zimenezi kufikira mwezi wa Malichi, ndipo dzanja lake silinanyowe. Ulendo wa kumudzi unatheka patapita zaka ziwiri, ndipo agogo aja, ataonetsedwa chithunzi cha kanyumba kotuluka padenga, anafunsa funso limodzi lokha, lakuti, "Kodi sikadontha?"

Funso limeneli ndilo muyeso wa denga lililonse, la udzu, la malata kapena la sileti. Ambiri pomanga amathamangira zooneka, monga penti, zitseko zosema ndi mazenera aakulu, nachepetsa ndalama pa zinthu zobisika, chifukwa mlendo sadzaziyamikira. Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Iye amene awonjezera khonde, chipinda kapena nsanjika pa nyumba yakale ayambe wafunsa mmisiri wake mafunso atatu: madzi a pamalo olumikizira adzatsata njira iti, nthunzi ya m'nyumba idzatulukira pati, ndipo chimene waikapo chidzatani dzuwa ndi kuzizira zikachisuntha. Mmisiri wodziwa ntchito amakondwa ndi mafunso otere, ndipo amayankha ndi kuloza. Wosadziwa amafulumira kutchula za penti. Penti angathe kudikira chaka china, ndipo ulendo ungathe kuyendedwa mtsogolo. Koma mtovu umene sunaikidwe pa tsiku lake suikidwanso popanda kusasula denga kachiwiri.